Bwalo Lopendekeka la Lord's

Bwalo la kiriketi la Lord's, ku St John's Wood mu mzinda wa London, n'lopendekeka. Kuchokera mbali ya Grand Stand kukafika tsidya linalo ku Tavern Stand, nthaka imatsetsereka ndi mamita 2.5. Munthu wamtali bwanji, ataima kumunsiko, mutu wake sungafike pa mlingo wa mapazi a mnzake amene waima kumtunda. Kontilakitala atamanga bwalo lotere lero angamuuze kuti aphwasule ayambirenso ndi ndalama za m'thumba mwake. Koma pano mpamene pali likulu la Marylebone Cricket Club, imene anthu amangoti MCC, kalabu yomwe imalemba ndi kusunga malamulo 42 a masewerawa. Malamulowo amanena kulemera kwa mpira, kutalika kwa timitengo, ngakhale kukula kwa thabwa lomenyera, ndipo mwana wophunzira kiriketi ku Blantyre kapena ku Lusaka amatsata omwewo. Pa za chitsetso cha bwalo la eni malamulowo, palibe lamulo limene limanenapo kanthu.

Wosadziwa kiriketi angafunse kuti nanga vuto lili pati, poti mabwalo a mpira amene ambirife tinakulirapo anali a zitunda ndi maenje, koma zigoli zinkalowa. Kusiyana kwake n'kwakuti mu kiriketi mpira umayamba wanjanja pansi usanafike kwa womenya. Nkhondo yonse imachitikira pa kachigawo ka dothi lotsenderedwa kamene kali pakati pa bwalo, kotalika mamita 20, m'lifupi mamita 3, komwe amakatcha pichi. Mpira wake ndi wolimba ngati mwala, wokutidwa ndi chikopa, ndipo uli ndi msoko wotukuka wozungulira pakati. Ukagwera pa msokowo umatha kupatukira uku kapena uko. Woponya waliwiro amautulutsa pa makilomita 140 pa ola, ndiye kuti womenya ali ndi theka la sekondi lokha loti aone, aganize ndi kusuntha miyendo. Dothi, udzu, chinyezi ndi kupendekeka kwa nthaka zonse zimasewera nawo, ndipo m'masewera a Test, amene amatenga masiku 5, pichi imodzimodziyo imasintha khalidwe tsiku ndi tsiku.

Amene anayambitsa bwaloli, yemwe dzina lake latsalirapo, ndi Thomas Lord. Anabadwira ku Thirsk m'chigawo cha Yorkshire mu 1755, ndipo sanali wa m'banja lachifumu. Ankagwira ntchito ku White Conduit Club ku Islington, kuwaponyera mpira mabwana pochita zokonzekera ndi kuthamangira zina ndi zina. Mabwanawo ankasewera pamtetete, pomwe aliyense wodutsa ankatha kuima n'kumaonerera, mwinanso kuwaseka, ndipo zimenezi sizinkawasangalatsa. Awiri mwa iwo, Earl wa ku Winchilsea ndi Charles Lennox, anamuuza Lord kuti apeze malo otchinga, ndipo akaluza ndalama iwo adzamubwezera. Mu 1787 anachita lendi malo amene lero ndi Dorset Square ku Marylebone, n'kumanga mpanda, n'kuyamba kulipiritsa pakhomo. Chaka chomwecho MCC inabadwa, ndipo chaka chotsatira inatulutsa malamulo ake oyamba. Tisaiwale chiyambi chimenechi: bwaloli linabadwa chifukwa anthu ena ankafuna mpanda.

Lord anasamuka kawiri. Lendi itakwera pamalo oyambawo, anapeza ena chakumpoto, amene MCC inayamba kusewerapo mu 1811, koma sanakhalitse chifukwa nyumba ya malamulo inavomereza kuti ngalande ya mabwato, Regent's Canal, idutse pomwepo. Mu 1814 anafika pamalo a banja la Eyre pamene bwaloli lili lero, ndipo masewera oyamba anachitika mu June chaka chomwecho, MCC ndi Hertfordshire. Ulendo uliwonse ankasenda udzu pamodzi ndi dothi lake n'kukauyala pamalo atsopano, kuti mabwana asaone ngati asintha bwalo. Chitsetso anachipeza pomwepo. Palibe anakhala pansi n'kuganiza kuti chidzakometsa masewera. Lord anali munthu wa bizinesi, wogulitsanso vinyo, ndipo anatenga malo amene analipo.

Ubizinesi womwewo unatsala pang'ono kulimeza bwaloli. Mu 1825, London akukula, Lord anaona kuti nyumba zingamupatse phindu loposa la kiriketi, ndipo anakonza zomanga pa mbali yaikulu ya bwalo. William Ward, mmodzi wa akuluakulu a Bank of England, amenenso anamenya marani 278 pabwalo lomweli mu 1820, anamulembera cheke cha mapaundi 5,000 n'kumugula. Chaka chomwecho nyumba yamatabwa ya mamembala inapsa usiku, ndipo mabuku a mbiri yakale ya kalabuyi anathera m'motomo. Kenako mu 1860 banja la Eyre linagulitsa nthakayo, ndipo MCC, kalabu yodzaza ndi mpondamatiki, sinapikisane nawo n'komwe. Anagula ndi Isaac Moses pa mapaundi 7,000. Patapita zaka 6 kalabuyo inazindikira kuti yagona, ndipo inagula malo omwewo pa mapaundi oposa 18,000, ndalama zochita kubwereka kwa William Nicholson, mwini fakitale yotcheza jini.

Nthawi yonseyi pichi inali yochititsa manyazi. Udzu ankaumweta ndi nkhosa, zimene ankazitsekera m'bwalomo masewera akayandikira. Nthaka ya kuno ndi dongo lolemera: mvula ikagwa limasanduka matope, dzuwa likawomba limauma n'kung'aluka, ndipo pamwamba pake pankapezeka timiyala. Mpira wina unkangokwawa pansi osanjanja, wotsatira n'kulumphira kumaso. Cha m'ma 1860 timu ya Sussex inakana kudzasewera ku Lord's chifukwa cha kuipa kwa bwalo, ndipo mpaka 1864 kalabuyi inalibe munthu wolembedwa ntchito yosamalira udzu ndi dothi. Pali nkhani imene imakambidwa ya Robert Grimston, mmodzi wa mamembala ouma mutu, amene akuti ataona makina omwetera udzu abwera, anaitana anyamata ogwira ntchito mumsewu kuti adzawaphwanye. Kaya nkhaniyo anaikometsera, koma khalidwe limene ikulongosola ndi la MCC ndithu.

Chimene chinawagwedeza ndi maliro. Mu June 1870, George Summers wa timu ya Nottinghamshire, mnyamata wa zaka 25, anali kumenya pamene mpira woponyedwa ndi John Platts unanjanja mosayembekezeka n'kumugunda m'mutu. Masiku amenewo kunalibe zipewa zoteteza. Anamunyamula kutuluka naye, kenako anaoneka ngati wapezako bwino, ndipo anakwera sitima kubwerera kwawo ku Nottingham. Anamwalira patatha masiku 4. Wosewera amene analowa m'malo mwake tsikulo, Richard Daft, anatuluka atakulunga thawulo kumutu. MCC inalipira mwala wa pamanda a Summers, ndipo pambuyo pake inayamba kugwiritsa ntchito chogudubuza cholemera potsendera pichi. Mu 1874 inalemba Percy Pearce, amene anayamba kulisandutsa bwalo loti munthu n'kusewerapo osaopa kufa. Mayina a mapulezidenti a MCC analembedwa m'zipupa mwaulemu, koma amene anapulumutsa mbiri ya Lord's ndi anthu a wilibala ndi fosholo ngati ameneyu.

Zitatero zinthu zinayenda mwachangu. Middlesex inayamba kusewerera pano mu 1877, ndipo ikadali pomwepa ngati yochita lendi. Masewera oyamba a Test anachitika mu 1884, England n'kugonjetsa Australia. Mu 1887 kalabu inagula munda wa mbande za maluwa ndi zipatso umene unali kumpoto chakum'mawa, n'chifukwa chake mbali imeneyo amaitcha Nursery End mpaka lero. Kampani ya njanji itafuna kudutsa pamenepo cha m'ma 1890, anagwirizana kuti sitima zidutse pansi, ndipo njira zake zikadalipo kunsi kwa nthakayo. Nyumba yofiirira ya mamembala imene imaoneka pa wailesi yakanema, Pavilion, inatha kumangidwa mu 1890, pulani yake anajambula ndi Thomas Verity. Munthu mmodzi yekha ndiye anamenyapo mpira n'kuudutsitsa pamwamba pa denga lake, Albert Trott, mu 1899. Papita zaka zoposa 120, mathabwa omenyera akula, osewera amanyamula zitsulo tsiku ndi tsiku, koma palibe wabwerezapo.

M'kati mwa Pavilion muli chipinda chachitali, Long Room, ndipo womenya aliyense popita kukasewera amatsika masitepe n'kudutsa pakati pa mamembala ovala mataye ofiira ndi achikasu. Akatuluka wopanda rani ngakhale imodzi, amabwerera njira yomweyo, anthu ali duu. Mu 1975 David Steele, pa Test yake yoyamba, anatsika masitepe mopitirira n'kukapezeka ku zimbudzi za pansi, Australia ikumudikirira kunja. Koma kwa zaka zambiri si onse ankaloledwa kudutsa m'chipindacho. Osewera ankagawidwa pawiri: mabwana osewerera chisangalalo, amene ankatchedwa Gentlemen, ndi osewerera malipiro, ma Players. Anthu a timu imodzi ankavalira m'zipinda zosiyana, n'kulowa m'bwalo pa zipata zosiyana, kukakumana pakati. Ngakhale pa khadi lolembapo marani, zilembo za maina a bwana zinkatsogola, za wolipidwa zinkabwera pambuyo pa dzina la bambo, ndipo tsiku lina chimkuzamawu chinalengeza kukonza dzina la Fred Titmus chifukwa osindikiza anamukweza molakwitsa. Kusiyanitsaku kunatha mu 1962.

Kuchokera m'zipinda zomwezi MCC inalamulira kiriketi ya dziko lonse. Bungwe loyang'anira kiriketi ya mayiko, limene lero ndi ICC, linakhazikitsidwira ku Lord's mu 1909, ndi mayiko atatu okha, England, Australia ndi South Africa, ndipo kwa zaka 80 pulezidenti wa MCC ankangokhaliratu wapampando wake popanda chisankho. Timu ya England ikapita kunja inkayenda m'dzina la MCC mpaka cha m'ma 1970. Mphamvuzo zinachoka pang'onopang'ono, ndipo mu 2005 ICC inanyamula katundu kupita ku Dubai. Chatsalira MCC ndi malamulo, kambiya kakang'ono ka Ashes, chizindikiro cha mpikisano wa England ndi Australia, kamene kali m'nyumba yosungiramo zakale pamodzi ndi mpheta imene inaphedwa ndi mpira wa Jahangir Khan mu 1936, ndi bwalo lenilenilo.

Chitsetso chija chimadutsa pichi chopingasa, osati m'litali, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Woponya wochokera ku Pavilion End amakhala ndi mtunda kumanzere kwake, kumunsi kudzanja lamanja, choncho mpira ukanjanja umatsetserekera m'thupi mwa womenya wa dzanja lamanja. Mpira umene pabwalo lina lililonse womenya angausiye kuti udutse, pano umabwerera n'kugwetsa timitengo. Wochokera ku Nursery End zake ndi zosemphana: mpira umathawa womenyayo, iye n'kuutsatira, n'kuukhudza ndi m'mphepete mwa thabwa, n'kugwidwa kumbuyo. Womenya nayenso saima mowongoka. Mbali ina thupi limamukokera kutsogolo, mbali inayo limamukokera kumbuyo, ndipo mutu ukangochoka pa mzere wa mpira, zake zada. Woponya wachilendo amatha maova angapo akungotaya mipira kumunsi asanazindikire kuti ayenera kulunjika pang'ono kumtunda. Ogwira mpira kumbuyo kwa timitengo nawonso amadandaula kuti ku Lord's mpira ukamudutsa womenya umagwedezeka m'malere usanafike m'magolovesi.

Amene anachidziwa chitsetsochi kuposa eni ake ndi Glenn McGrath wa ku Australia. Sanali waliwiro loopsa. Luso lake linali kugwetsa mpira pamalo amodzimodzi kambirimbiri, msoko uli chilili, n'kusiyira nthaka kuti imalize ntchito. Mu 1997 anatulutsa osewera 8 pa marani 38, England n'kuthera pa 77. Pa 21 July 2005, Australia itatha yonse pa marani 190, anthu a ku London anayamba kale kusangalala. McGrath anatenga mpira ku Pavilion End, ndipo m'mipira 31 anatulutsa anthu 5 pa marani 2 okha. Marcus Trescothick ndi Andrew Strauss anagwidwa kumbuyo. Michael Vaughan, Ian Bell ndi Andrew Flintoff, onse a dzanja lamanja, anamva timitengo tikulira mpira utatsetsereka kulowa m'kati. England inali pa 21, anthu 5 atatuluka. Pa ma Test atatu amene McGrath anasewera pano anatenga mawiketi 26, kutanthauza kuti anatulutsa omenya 26.

Komabe osewera akale a pabwaloli amalangiza kaputeni kuti asanasankhe kumenya kapena kuponya, ayambe wayang'ana kumwamba asanayang'ane pansi. Ku England amagwiritsa ntchito mpira wa Dukes, wosokedwa pamanja, umene msoko wake umachedwa kuphwa. Kukachita mitambo ndi kachinyezi, mpira umenewu umakhota m'malere usanagwe pansi, ndipo dzuwa likatuluka umawongoka, pichi n'kusanduka msewu. Akatswiri a sayansi sanagwirizanebe kuti mitambo imachita chiyani kwenikweni pa mpira, koma palibe kaputeni amene amadikira kuti iwo amalize mkanganowo. Mu 1972 Bob Massie wa ku Australia, pa Test yake yoyamba, kunja kuli kolemera, anakhotetsa mpira uku ndi uku n'kutenga mawiketi 16 pa marani 137. Sipanathe chaka n'theka anali atazimiririka m'timu ya dziko lake. Mu 2019 Tim Murtagh, amene anathera zaka zambiri akuponyera Middlesex pabwalo lomweli, anathandiza Ireland kutulutsa England yonse pa marani 85 nkhomaliro isanakwane. Patangopita masiku awiri, mitambo itabwerera, Ireland nayo inathera pa 38.

Kale mvula inali ndi mphamvu yoposa apa, chifukwa mpaka cha m'ma 1980 pichi ku England sinkafunditsidwa mokwanira masewera akayamba. Dongo likanyowa kenako n'kuwombedwa dzuwa, pamwamba pake pankachita zomata, ndipo woponya wopotokola mpira ankasanduka mfiti. Mu 1934 Australia inagona Loweruka ili bwinobwino, Lamlungu kunagwa mvula, ndipo Lolemba Hedley Verity wa ku Yorkshire anatulutsa anthu 14 tsiku limodzi. Don Bradman, amene zaka 4 m'mbuyomo anamenya 254 pabwalo lomweli, anagwa kwa Verity kawiri konse. Kupambana kumeneko kunali kokhako kwa England pa Australia ku Lord's pakati pa 1896 ndi 2009. Verity sanakalambe, anafera ku Italy mu 1943, atavulala pankhondo. Panalinso kamtumbira kamene osewera ankalumbira kuti kali chakumapeto kwa pichi ku Nursery End, ndipo Test ya mu 1961 imakumbukiridwa ndi dzina la kamtumbirako chifukwa cha mmene mpira unkalumphira. Mu 1963 Wes Hall wa ku West Indies, akuponya kuchokera mu mdima wa njerwa za Pavilion, anathyola mkono wa Colin Cowdrey, amene anabwereranso ndi pulasitala kudzaima pa mipira iwiri yomaliza kuti England isagonje.

Vuto la madzi analithetsa kumapeto kwa 2002. Anakumba bwalo lonse kupatula pakati pomwe pali mapichi, n'kuchotsa dongo, n'kuyala mapaipi ndi mchenga, n'kudzalanso udzu. Mu 2007, pa Test ya England ndi India, kunagwa chimvula chimene chinasandutsa bwalo dziwe, koma pasanathe maola awiri masewera anayambiranso. Mick Hunt, amene anagwira ntchito ku Lord's zaka 49 ndipo anali mkulu wa osamalira bwalo kuyambira 1985 mpaka 2018, anayamikiridwa pa zimenezi, koma analandiranso mnyozo wamtundu wina. Kuyambira 2006 mpaka 2008, ma Test 6 otsatizana anatha popanda wopambana, ndipo anthu anati mapichi afa, akungokomera omenya. Wosamalira bwalo ngati ili amakokedwa mbali zonse. Wosunga chuma akufuna masiku 5 a matikiti, kaputeni akufuna udzu woti oponya ake adyerepo, ndipo mapichi omwewo ayenera kusenza masewera a Middlesex, a masiku amodzi, a usiku pansi pa magetsi amene anaikidwa mu 2009, kuyambira April mpaka September. Hunt atachoka, ntchitoyi anaitenga ndi Karl McDermott wa ku Ireland, ndipo chaka chake choyamba chinali cha fainolo ya World Cup ya 2019, ija England ndi New Zealand anafanana pa 241, n'kufanananso pa ova yapadera.

Kusasinthika ndi kusinthasintha kumeneku n'kumene kumachititsa kuti matabwa a ulemu a m'zipinda zovalira akhale odabwitsa kuwerenga. Amalembapo aliyense womenya marani 100 kapena kutenga mawiketi 5 m'chigawo chimodzi m'masewera a mayiko. Pa matabwa a Test, Sachin Tendulkar palibe, Brian Lara palibe, Ricky Ponting ndi Shane Warne palibenso. Koma Ajit Agarkar, amene ntchito yake inali kuponya, alipo ndi marani 109 a mu 2002, ndipo Dilip Vengsarkar alipo katatu.

Pamene ankakumba bwalo mu 2002 muja, mwayi wosalaza chitsetso unalipo, koma sanachikhudze. Zifukwa zake n'zomveka: kukweza mbali imodzi ndi mamita 2.5 kungakwirire mipando yakutsogolo, mapichi onse angafunike kuyambiranso, ndipo pichi yatsopano imatenga zaka kuti ikhwime. Ine ndimaona kuti anachita bwino ngakhale zifukwa zimenezi zikanapanda kukhalapo. Chitsetso sichisankha nkhope. Matimu onse awiri amaponyera mbali zonse ziwiri, ndipo amene waphunzira msanga ndiye amadya. Vuto la MCC n'lakuti mtima womwewo wosunga zopendekeka n'kumati ndi mwambo, inaugwiritsanso ntchito pa chipata, pomwe kupendekekako kunkagwera anthu a mbali imodzi okhaokha.

Mu August 1968 Basil D'Oliveira, wobadwira ku Cape Town, amene malamulo a tsankho anamuletsa kusewerera dziko lake chifukwa cha khungu, anamenyera England marani 158 pa Australia ku The Oval. Osankha timu yopita ku South Africa anakumana ku Lord's mpaka usiku, ndipo dzina lake analisiya. Anthu anakwiya, mamembala ena anatula pansi umembala. Tom Cartwright, mmodzi wa osankhidwawo, atavulala, D'Oliveira anaitanidwa, nduna yaikulu ya South Africa John Vorster anakana kwamtuwagalu kulandira timuyo, ndipo ulendo unalephereka. Ngakhale zinatero, akuluakulu a kiriketi ku Lord's anaumirirabe kuti South Africa ibwere mu 1970, mpaka anazunguliza waya waminga pabwalo poopa ochita zionetsero, boma la Britain n'kuchita kuwapempha kuti asiye. South Africa sinasewerenso Test pano kuchokera mu 1965 mpaka 1994. Mu 2003 Makhaya Ntini wa ku South Africa, amene anakulira kubusa ng'ombe ku Mdingi, anatenga mawiketi 10 pa Test imodzi, n'kugwada kupsompsona pichi.

Amayi anadikira nthawi yaitali kuposa apa. Timu ya amayi ya England inaloledwa kusewera ku Lord's koyamba mu 1976, motsogozedwa ndi Rachael Heyhoe Flint. Mu 1986 Diana Edulji, kaputeni wa amayi a ku India, anabwezedwa pakhomo la Pavilion. Kupatula ogwira ntchito, mzimayi amene ankalowamo masewera ali m'kati anali Mfumukazi yokha. Heyhoe Flint anapempha umembala mu 1991, mavoti anakana, ndipo zinatheka mu September 1998, pa nthawi imene nkhani ya thandizo la ndalama za lotale ndi makampani inali itayamba kuwapweteka m'thumba. Amayi oyamba analandiridwa mu 1999, kalabu ili ndi zaka 212. Mu 2017 bwalo linadzaza pa fainolo ya World Cup ya amayi, Anya Shrubsole n'kutenga mawiketi 6 pa marani 46 kugonjetsa India ndi marani 9. Kumar Sangakkara wa ku Sri Lanka anakhala pulezidenti wa MCC woyamba wosakhala wa ku Britain mu 2019, ndipo Clare Connor anakhala mzimayi woyamba pa mpandowo mu 2021. Koma mu 2023 lipoti la komiti yofufuza za tsankho mu kiriketi ya ku England linadandaula kuti anyamata a sukulu za olemera za Eton ndi Harrow anali ndi tsiku lawo ku Lord's chaka ndi chaka, pamene amayi a timu ya dziko anali asanaseweretu Test pabwaloli. Patangopita masiku ochepa lipotilo litatuluka, mamembala ena anakuwiza osewera a Australia m'kati mwa Long Room chifukwa cha mmene Jonny Bairstow wa England anatulutsidwira, makamera akujambula. Mmodzi anachotsedwa, awiri anaimitsidwa. Mndandanda wa ofuna umembala sunafupike: mamembala okwana ndi pafupifupi 18,000, ndipo wolembetsa lero amadikira zaka zoyandikira 30.

Mu June 2025 bwaloli, limene tsopano limalowa anthu pafupifupi 31,000, linalandira fainolo ya World Test Championship pakati pa Australia ndi South Africa, ndipo linaonetsa makhalidwe ake onse m'masiku 4. Temba Bavuma, munthu wakuda woyamba kukhala kaputeni wokhazikika wa timu ya Test ya South Africa, anayang'ana mitambo n'kusankha kuponya. Kagiso Rabada anatenga mawiketi 5, Australia n'kuthera pa 212, koma dzuwa lisanalowe South Africa nayo inali itataya anthu 4. Tsiku lachiwiri Pat Cummins anatenga 6 pa marani 28, South Africa n'kutha pa 138. Mawiketi 14 anagwa tsiku loyamba, ena 14 tsiku lachiwiri, ndipo amene anagula matikiti a Loweruka anayamba kukayika ngati adzaonere kanthu.

Lachisanu kunacha kowala. Chizindikiro choyamba chinali chakuti Mitchell Starc, amene ntchito yake ndi kuponya, anamenya 58 osatuluka, oponya a South Africa n'kuvutika m'mawa onse kuti apeze wiketi yomaliza. Australia inasiya marani 282 oti athamangitsidwe, ndipo m'mbiri yonse ya Test pabwaloli ndi West Indies yokha, mu 1984, imene inathamangitsapo oposa amenewo. Koma pichi inali itauma, mpira unasiya kukhota, ndipo umene unkakhudza m'mphepete mwa thabwa unkagwa pansi usanafike kwa ogwira. Aiden Markram, amene m'chigawo choyamba anatuluka wopanda rani, anakhazikika. Bavuma anakokeka mnofu wa ntchafu atangoyamba kumenya, koma anakana kutuluka, ndipo ankathamanga motsimphina pakati pa timitengo. Awiriwo anaphatikiza marani 147. Bavuma anatuluka pa 66 Loweruka m'mawa, Markram pa 136 kutatsala marani 6, ndipo Kyle Verreynne anamenya rani yomaliza nkhomaliro isanakwane, South Africa n'kupambana ndi mawiketi 5.